Amene Anaphunzitsa Paison Liwiro

"Mnyamatayu ndinamuphunzitsa ndine!" anakuwa a Kadzamira, tcheyamani wa chipani ku Biriwiri, chikho chili m'manja, chimimba chili patsogolo.

Paison anali atangopambana mpikisano wothamanga kukwera phiri, kachitatu motsatizana, wopanda nsapato.

Esnath, mkazi wa Paison, anatsonya. "Sakunama," ananong'oneza mnzake. "Zaka zinayi akhala akuthamangitsa amuna anga kuchokera pamsika mpaka kuphiri chifukwa alibe khadi la chipani. Sanawakhudzepo ngakhale malaya."

A Kadzamira anapereka chikhocho, kenako anatsitsa mawu. "Lero wadzibweretsa wekha. Khadi lija lili kuti?"

Pomwe ankatambasula dzanja kuti amugwire, Paison anali atayamba kale kukwera phiri, chikho chili m'khwapa.

"Ombani m'manja, anthuni," anatero Esnath mokweza. "Aphunzitsi ayambiranso ntchito."