Tsiku Lopha Nkhumba kwa Toader

Nkhumba inali itasiya kuphupha pamene Toader analowa m'shedi kukafuna chingwe. Magazi anali atafiiritsa chipale chofewa pabwalo lonse. Linali tsiku la Ignat, pamene khomo lililonse m'mudzimo limapha nkhumba ya Khirisimasi, ndipo mkuluyu anali atayamba kale kupapira tsuika, kachasu wa kumeneko, m'mimba mulibe kanthu.

Chingwe sanachipeze. Kuseri kwa matumba a chimanga anapezako katoni. M'katonimo munali makina owotcherera atsopano, chigoba chotchinga kumaso, magolovesi achikopa ndi laputopu.

Sanafune womuuza. Chaka chonse wailesi ya kanema inkalengeza kuti thandizo la boma kwa ophunzira lafika ndi kusukulu za ntchito zamanja, mpaka kuwagulira zipangizo. Iye ankangotukwana n'kusintha siteshoni. Unyamata wake wonse unathera m'mimba mwa sitima zapamadzi kudoko la Galați, akuwotcherera chogwada, ndipo chomwe anatulukako nacho ndi chifuwa cholira ngati ketulo. Ndiye mwana wake mmodzi yekhayo, Liviu, amene mudzi wonse unkadziwa kuti akuphunzira za uloya mumzinda wa Iași, akagwire zomwezo? Mtima unamuwawa, ndipo Toader mtima ukamuwawa ankapweteka ndi ena.

Anakhwekhwereza katoniyo mpaka pabwalo. Liviu, yemwe anali atangofika dzulo lake kudzadya tchuthi, ankapala chikopa cha nkhumba. Mayi ake, Viorica, anali atanyamula beseni la matumbo.

"Izi ndi za ndani?"

Mayi ndi mwana anayang'anana.

"Ndi zanga, bambo," anatero Liviu. "Chonde musazikhudze. Mayeso omaliza ndi mwezi wamawa, ndipo aliyense amapita ndi zipangizo zake. Zikawonongeka boma siligulanso zina. Satifiketi ndiye kuti yapita."

Chibakera choyamba chinamupeza pakamwa. Chachiwiri chinamugwetsera m'magazi a nkhumba. Dzanja la Toader aliyense m'nyumba imeneyi ankalidziwa, koma Viorica ndiye ankalidziwa bwino kuposa onse. Anataya beseni n'kuthamanga kukamugwira mkono. Chigongono chinamulandira pachibwano, iye n'kukadziwombetsa kumpanda.

"Ndinagulitsa munda wa mpesa chifukwa cha iwe, galu iwe," Toader ankatero uku akuponda nthiti za mwana wake ndi jombo. "Ndimayenda mutu uli m'mwamba kumowa, kuwauza kuti kwanga kukutuluka loya. Kani ndikulera wowotcherera zitseko."

Liviu anali wamtali kuposa bambo ake, wamphamvunso. Sanabwezere. Anangodzipinda, manja kumutu. Kuseri kwa mpanda anansi ankamva zonse, koma anthu a kuno nawonso, abale. Aliyense anapitiriza kuwawula nkhumba yake, poti za m'banja la eni sazilowerera.

Toader anazula nkhwangwa pachitsa. Laputopu inagawika pakati ndi kumenya kumodzi, timabatani n'kumwazikira m'chipale. Atatembenukira kumakina aja anapeza Liviu atawagonera pamwamba, magazi akuchucha m'mphuno.

"Awa okha ayi, bambo. Yambani mwandidula ine."

Mkuluyo anaima. Anatsokomola kwa nthawi yaitali, kenako anaseka kuseka koipa.

"Chabwino, a loya. Poti mwasankha moto, tikuoneni."

Anakoka nthambo ya magetsi kuchokera m'shedi, n'kulumikiza makinawo. Analoza geti, pomwe chitsulo cha m'munsi chinathyoka chilimwe chatha.

"Lumikiza icho. Chikagwira, makina ako apulumuka. Chikakanika, ndiwawaza ngati nkhuni iwe ukuona."

Liviu anakwawira kugeti. Anavala chigoba, chikumukhala mopendama. Anamangirira ndodo yowotcherera, n'kuigunditsa pachitsulo. Ndodoyo inakakamira pomwepo, makina n'kuyamba kubuula. Anaikoka, inakana. Anaipotokola mpaka inachoka, n'kuyesanso. Inakakamiranso.

Apa ndiye Toader anapenga zenizeni. Chinthu chimene ngakhale wophunzira wa sabata imodzi amachitha.

"Wasiya sukulu, wandichititsa manyazi, ndiye ngakhale kuyatsa moto wokhawo sudziwa? Umakatani kumeneko? Kugona?"

Anamukankha ndi phazi, mnyamatayo n'kugwa chagada. Kenako anaponda makina aja ndi mwendo umodzi kuti asasunthe, n'kukweza nkhwangwa ndi manja onse awiri.

"Dikirani. Chitsulo sichinakanike."

Anali Viorica. Anali atadzuka kumpanda kuja, mlomo utatupa, mawu ake ali pansipansi. Anavula chigoba kumutu kwa mwana wake, n'kuchivala. Anathyola ndodo yokakamira ija, anaikapo ina, anapotoza kabatani ka mphamvu pang'ono, n'kugwada pageti.

Moto wobiriwira unathetheka. Dzanja lake linayenda pang'onopang'ono, osagwedezeka, kusiya msoko wosalala umene Toader, ndi zaka zake zonse za m'sitima, sakanaupezera chifukwa. Nkhwangwa inangotsalira m'mwamba.

Viorica anakweza chigobacho.

"Mwana wanu sanasiye sukulu, wangondibisa. Masiku onse ndimati ndikupita kukasamala mchemwali wanga m'tauni aja, ndinali m'kalasi. Ndikangolemba mayesowo, ntchito ndi chipinda zikundidikira kudoko la Constanța, ndipo inu simupita nawo."