Mkamwini ndi Paipi ya Apongozi

Panali munthu wina, mmisiri wa malata, amene anzake ankamutcha Ndathakale chifukwa ntchito ankaimaliza ena asanavule n'komwe jekete. Apongozi ake aakazi, telala wa madiresi a ukwati, sankamukhulupirira. Ankati mwana wawo anakwatiwa ndi pakamwa basi. Ndiye atamuitana kuti aike ngalande za padenga ndi mapaipi otsitsira madzi pashopu yawo, anadziwa kuti mpata wotsuka dzina lake ndi womwewu.

Mkulu wake, yemwe anamuphunzitsa ntchitoyi, atagwira malatawo anati, "Awa ndi okhuthala. Tenga chokwinyira changa cha mano asanu aatali. Chimakwinya kukamwa kwa paipi mofanana kuzungulira konse, ilowe mwa inzake mothina. Kako ka mano atatuko ndi ka malata opyapyala."

"Achimwene, chida ndi chida, luso lili m'manja," anayankha Ndathakale. Zoona zake, sankafuna apongozi amve kuti wachita kubwereka.

Kachida kakeko kanangokanda malatawo. Anakakamiza mpaka thukuta, kenako anatenga hamala, kukamwa kwa paipi n'kung'ambika. Itakana kulowa, anatembenuza zinthu: m'malo molowetsa yapamwamba m'yapansi, paipi yapansi anailowetsa mkati mwa yapamwamba, mpata wotsala n'kumata phula, pamwamba penti wofiira. Dzuwa lisanafike pamutu anali akusamba m'manja.

"Mwatha kale, bambo?" anafunsa apongoziwo.

"Amayi, apa ngakhale dontho silituluka."

Lachinayi masana kunagwa mvula yamphamvu. Madzi atafika polumikizira paja anasowa njira, anakankha phula lija n'kutulukira pambali. Anatsetsereka pakhoma, analowera pamwamba pa zenera, n'kuyamba kudonthera pa diresi loyera la mkwatibwi wa Loweruka. Mmene apongozi ankatembenuka pamakina, diresi linali ndi mzere wofiira kuyambira paphewa mpaka pansi.

Ndathakale anafika m'mawa mwake manyazi atamugwira. Apongozi sanakalipe. Anali ataimbira kale foni mkulu wake uja, ndipo Ndathakale anamupeza ataima pakhomo, chokwinyira cha mano asanu chili m'manja.

"Amayi, ndikhululukireni. Ndikwera ndikonze ndekha."

Mayiwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, amashopu oyandikana nawo ali tcheru.

"Ayi bambo, musavutike. Inu gwirani makwerero. Ntchito imeneyo ndiye muitha."

Anagwiradi, mutu uli pansi, mkulu wake akukwinya paipi pang'onopang'ono pamwamba pake. Dzina la Ndathakale linafera pomwepo. Mpaka lero mumsewu wonsewo amamutcha Agwiramakwerero, ndipo apongozi akafuna wokhoma ngakhale msomali umodzi, amaitana mkulu wake.

Phunziro: Malata aliwonse ali ndi chida chake, ndipo penti sabisa ntchito yoipa mvula ikabwera. Kubwereka chida choyenera si manyazi, manyazi ndi kugwira makwerero pa ntchito yako yomwe. Tumizirani amisiri onse amene mukuwadziwa, makamaka aja amati luso lili m'manja.