Alonda Anavota Ali M'manda

Panali munthu wina, telala, amene ankasewera gemu ya pa foni ndi mkulu wake. Nkhaniyi ndi yoona. Amene anaifotokoza amasoketsa zovala kwa telalayo mpaka lero.

Gemuyo inali yomanga mzinda. Anthu ambiri, ena osadziwana n'komwe, ankalima minda, kumanga linga ndi kutumiza asilikali kukamenyana ndi mizinda ina, zonsezo pa foni. Mzinda wawo unalibe wolamulira. Wina akabweretsa maganizo, aliyense ankadina Inde kapena Ayi, ndipo dzina lake linkaoneka pambali pa yankho lakelo.

Mkulu wake uja anali dalaivala wa lole wopuma ntchito, wotupa miyendo. Ankaswera pa benchi mu shopu ya telalayo, magalasi ali pamphuno. Mu gemumo anamanga kanyumba pafupi ndi chipata, ndipo kamunthu kawo kankaima pomwepo ndi mkondo. Anthu ankangowatcha Alonda.

Vuto linali lakuti anthu ankachedwa kuvota. Adani ankafika pa linga mzinda ukudikirabe mavoti. Choncho anagwirizana zosankha malamulo atsopano. Telala anabweretsa lake: amene sanavote tsiku likatha, awerengedwe kuti wavomera.

"Iwe, chotsa zimenezo," anatero Alonda.

"Zalakwika pati, achimwene?"

"Munthu akakhala chete sindiye kuti wavomera. Mwina foni yagwera m'madzi. Mwina wagonekedwa m'chipatala."

"Ndiye mzinda upse chifukwa wina wachapira foni m'thumba? Inu kuvota kwanu kuli ngati kukhotetsa lole pa kanjira."

"Lole yanga sinagwepo."

Makasitomala anaseka, telala naye anaseka. Ndi mmene anthu amachitira. Munthu wamkulu akamayankhula, iwo amawerenga mano amene atsala m'kamwa, mawu osamva. Lamulo linadutsa. Amene anadina Ayi anali Alonda okha.

Sipanapite nthawi yaitali, Alonda anamwalira. Achibale amene sanabwere n'kamodzi komwe kudzawaona akudwala anafika msanga kudzagawana katundu. Foni inapita ndi mlamu wina, anafufuta zonse n'kupatsa mwana wake.

Koma mu gemumo kamunthu kaja kanali chiimire pachipata. Telala ankatsamiritsa foni pa chitini cha ulusi, n'kumasoka akukayang'ana. M'mawa akamatsegula shopu ankati, "Mwadzuka bwanji, achimwene?"

Maliro atatha, telala anabweretsa maganizo akuti asunthe chitsime cha mumzindamo. Tsiku litatha anayang'ana mavoti, sizasi inagwa pansi. Panalembedwa kuti: Alonda, Inde.

Mkazi wake, amene ankasita zovala mu shopumo, anasuzumira pa foni n'kuika simbi pansi.

"Bambo a ana, chotsani lamulolo. Mukuvotetsa munthu amene tinamuika tokha m'manda."

"Asiye, mayi. Moyo wawo wonse sanandivomerezepo kanthu. Ngakhale iweyo ankati sindingakuthe."

"Ndiye ananama?"

Telala anangomwetulira. Kuyambira pamenepo ankabweretsa timaganizo tosafunika n'komwe, kupenta chipata, kubzala mtengo, kuti mawa lake aone mkulu wake akumuvomereza.

Kenaka mumzindamo munalowa mlendo. Palibe ankamudziwa nkhope. Ankayamikira aliyense, ankatcha telala kuti bwana, ndipo poti zonse ankafuna zichitike lero lomwe, anamutcha Achangu. Iye anaona chimene ena sanaone. Anthu ambiri anali atasiya kusewera kalekale. Ena anataya mafoni, ena anatopa nayo, ena anapita kumene kunapita Alonda. Ochete anali ochuluka kuposa oyankhula.

Achangu anabweretsa maganizo ake: nyumba za anthu amene sakuseweranso zigwetsedwe, miyala yake ikakweze linga, ndipo aliyense wodina Ayi achotsedwe mumzinda chifukwa akuchedwetsa chitukuko.

Telala analemba mu gemumo. "Pachipata paja ndi pa mkulu wanga. Anatisiya. Chonde pasiyeni."

"Pepani kwambiri, bwana," anayankha Achangu. "Koma tiyeni anthu avote. Si lamulo lanu lomwe?"

Telala anadina Ayi. Anasiya diresi la mkwatibwi lili pakamwa pa makina n'kuyamba kuchonderera aliyense amene ankamudziwa. Ena anaopa kuchotsedwa. Ena anati avota mawa. Anathamangira kwa mlamu uja, anapeza mwana akuonera makatuni pa foni ya malemu. Anayesa kubweretsa maganizo ochotsa lamulo lija, koma maganizo a Achangu anali patsogolo, ndipo tsiku lake lovotera ndi limene linayamba kutha.

Mawa lake masana, ali pa makina, foni inalira. Mayina a ochete onse anatembenuka limodzi. Inde. Inde. Inde. Pamwamba penipeni panali Alonda, Inde. Munthu amene anakana yekha tsiku lija anavomera kuti nyumba yake igwe, ndi kuti mng'ono wake athamangitsidwe.

Telala anaona denga la kanyumbako likugwa. Kamunthu kaja kanaimabe pang'ono ndi mkondo wake, kenaka pachipata panalibe kanthu. Asanatsegule pakamwa, foni inamuuza kuti salinso nzika ya mzindawo.

Akusokabe mpaka pano. Benchi ija salola munthu kukhalapo. Ndipo akakufunsani kuti, "Ndidule apa?" inu n'kukhala chete, amaima chomwecho, sizasi ili yasa pa nsalu, maso ali pa inu, mpaka muyankhe ndi pakamwa panu.

Phunziro: Musamayankhire munthu amene sanayankhe. Lamulo limene mwapanga chifukwa chothamanga lidzagwira ntchito m'manja mwa mlendo, tsiku limene amene anakuchenjezani sangathenso kudina Ayi. Tumizani nkhaniyi ku magulu anu onse, makamaka kwa aja amaseka akuluakulu akamayankhula.