Rede Yafika M'nyumba

"Mukundimva bwino tsopano, achemwali?" Mawu a Rahimu anamveka ngati ali m'chipinda momwemo.

Hamida anaiyang'ana foniyo modabwa. Chikwatiwire ku Chiuta, inali isanalirepo m'nyumba. Rede, netiweki ya foni, inkapezeka pachulu cha kuseri kwa minda ya chinangwa basi, ndipo ngakhale pamenepo mawu ankabwera odukaduka. Koma ulendo wa kuchuluko ndi wokhawo umene mwamuna wake, Bwanausi, ankamulola kuyenda yekha. Sabata imeneyi anali atalimba mtima kuti akakwera pachulupo amuuze mlongo wakeyu zonse.

"Ndi ntchito ya manja anga imeneyi," Rahimu anapitiriza monyadira. "Mawu akamadutsa mumphepo amang'ambika. Makina amene tamanga pa antena yakwanuko amazindikira pamene pang'ambika n'kusokapo msangamsanga, monga alamu amasokera ukonde. Ndinachita kuwachonderera akuluakulu kuti tiyambire kwanuko. Zokwera chulu dzuwa likuswa mtengo zatha."

Bwanausi, amene ankasoka ukonde pakhomo, anaika chingwe pansi n'kulowa.

"Kwezani foniyo timvere limodzi," anatero akumwetulira. "Alamu atithandiza. Kuchulu kuja simudzapitanso."

"Paja munati muli ndi nkhani yoti mundiuze," Rahimu anakumbutsa. "Yankhulani, lero sindiphonya liwu ngakhale limodzi."

Hamida anakoka mpango n'kuphimba chipsera cha pakhosi pake.

"Palibe, achimwene. Ndili bwino."

Mawuwo anafika kwa Rahimu athunthu, opanda pong'ambika.