Banga Loyera M'munda wa Fodya

Perpetua anali patsogolo, foni m'manja, akupyola m'mizere ya fodya. Pambuyo pake pankabwera a Kamanga, aphunzitsi ake a ku yunivesite, thukuta lili kamukamu. Pambuyo pa a Kamanga panali theka la mudzi.

Yunivesite inkafuna wophunzira mmodzi yekha woti alowe m'gulu lofufuza la kasetilaiti kakang'ono ngati buledi, kojambula minda kuchokera kumwamba. Wopeza chachilendo pa zithunzi zake ndiye atenge malowo. Perpetua anachipeza m'munda wa kwawo komwe ku Santhe: banga loyera pakati pa fodya. Linkaoneka lero, mawa n'kusowa, mkuja n'kutulukira pena. Mtsikanayo analemba masamba makumi anayi kuti awa ndi matenda atsopano a fodya, oyendayenda. Anali atawapatsa kale ndi dzina lomwe. Chinatsala n'choti a Kamanga aone ndi maso awo, asayine.

Amene sanakondwe ndi amayi ake. Chiyambire m'mawa ankangowiringula.

"Mwanawe, m'mundamo muli njoka. Bwanji alendowa ayambe amwa thobwa?"

"Amayi, sayansi sidikira thobwa."

Azakhali ake, a Agnesi, nawo analipo. Januwale yense iwowa ankafika m'mawa uliwonse ndi kambale kudzapempha ufa, ndipo amayi a Perpetua ankayankha mawu amodzimodzi: "Mlamu, ifenso tagona ndi njala." Lero atamva za matenda, anangolowa pamzere, kambale kali m'khwapa.

Foni inalira, kusonyeza kuti banga lija layandikira.

"Kwatsala mapazi khumi!" anakuwa Perpetua.

Anafulumira ndi chimwemwe. Malo aja a m'gulu lofufuza anali ake basi. A Kamanga anavala magolovesi. Anthu anatseka mphuno poopa kutengera. Amayi anayamba kutsalira m'mbuyo, akuyang'ana njira yobwerera.

"Musakhudze kanthu," anachenjeza Perpetua, n'kukankha masamba omaliza.

Pansi panali mphasa zinayi za amayi ake, ufa woyera uli mbee, woyanikidwa bwinobwino pamalo poti wopempha sangaone. A Kamanga anavula magolovesi mwakachetechete.

A Agnesi anapukuta kambale kawo ndi chitenje. "Mlamu, matenda awa ndiye andigwireko nane."