Galimoto ya a Orlandi

"Musawatulutse lero," mwana wa a Orlandi anauza Sungeni, wosamalira nkhalambayo. "Akaona, mtima wawo supirira."

Panja amuna awiri ankakankhira pa lole Itala yakalekale, galimoto yomwe bambo awo a nkhalambayo ankathamangitsa pa mipikisano m'mapiri a ku Italy. Inkapita ku myuziyamu, nyumba yosungiramo zinthu zakale.

A Orlandi anamva matcheni akulira ali pa njinga yawo ya olumala.

"Akuchita kuikankha?" anafunsa. "Imene ija sinakankhidwepo."

Sungeni anaganizira ntchito yake ya m'tauni ya Oakville muno, yomwe anaipeza movutikira. Kenako anawaveka chipewa n'kutsegula chitseko.

Nkhalambayo inakweza dzanja. "Imani. Ilizeni kaye."

Amuna aja anayang'ana Sungeni.

"Mwamva," anatero iye. "Eni ake alankhula."