Chala cha Apongozi

"Mwana wathuyu Nohea asalawe nkhanu, adokotala analetsa," ndinachenjeza tikukhala pansi mu lesitilanti ya ku Hilo.

"Mwana wa msodzi angadwale ndi nkhanu? Mantha basi, mtsikana iwe," anatero apongozi, akuswa chigoba. Achibale onse amene tinali nawo anaseka.

Nditangocheuka kuti ndiitanitse madzi, apongoziwo anapisa chala chomwe anagwirira nkhanucho m'mbale ya poi, phala lathu la koko, n'kumunyambititsa mwanayo. Milomo yake inayamba kutupa.

"A Kaimana, makiyi a galimoto!"

Mwamuna wangayo anayang'ana kaye mayi ake. "Usawachititse manyazi Amayi pagulu, iwe."

Ndinatsomphola makiyiwo m'thumba mwake, mwana ali paphewa. Kuchipatala ndipita ndekha. Ndipo kusanache, ine ndi Nohea tikhala titachoka m'nyumba ya mayi akewo.